Phazi Lakumanzere

Chaka chimene ndinachoka kwathu sindichikumbukira. Ndimangokumbukira kuti madzi anali ofiira ndipo mango anali atatha m'mitengo. Mayina a midzi imene ndinadutsamo anandithawa kalekale, moti zaka zanga ndimaziwerenga ndi madzi amene ndinasambiramo.

Kwathu kunali mtsinje wopanda mlatho. Ukadzaza nthawi ya dzinja, anthu ankawoloka ndi ife. Tinalipo amuna asanu ndi mmodzi, ndipo ntchito yake inali yotere: timamangirira pamodzi zigubu ziwiri zopanda kanthu, munthu n'kugona pachifuwa pamwamba pake, katundu atamumanga kumutu. Iwe umakulunga chingwe kudzanja limodzi n'kumasambira patsogolo ukumukoka. Sulunjika tsidya ayi. Umapita chopingasa, madzi akukutsitsa pang'onopang'ono, mpaka ukafike padoko la kumunsi. Ukaphonya dokolo, kutsogolo kwake kunali miyala, ndipo za miyalayo sitinkakonda kuzikamba.

Lamulo lathu linali limodzi: wowolotsa sayankhula pakati pa mtsinje. Akuluakulu ankati munthu wamantha akamva mawu ako akunjenjemera amasiya zigubu n'kukudumphira pakhosi, n'kumira nonse awiri. Zimenezo zinali zoona ndithu. Koma panali chinanso chimene sankachitchula. Wowolotsa akadandaula m'madzi, anzake ankamulanda chingwe tsiku lomwelo, ndipo palibe ankagonanso pa zigubu zake. Choncho tonse tinali amuna achitsulo. Palibe ankatopa, palibe ankazizidwa. Tikatuluka milomo itachita bii ndi mphepo, tinkangouzana kuti lero madzi akukoma.

Phazi langa lakumanzere linayamba mwano nditagwira ntchitoyi zaka ziwiri. Linkakokana. Zala zinkapindikira pansi ngati za nkhuku yakufa, kunsi kwa phazi n'kuuma gwa, ululu n'kukwera mpaka m'katumba. Kawirikawiri linkandigwira ndili pamtunda, ndiye ndinkangoponda pansi mwamphamvu uku ndikuyang'ana kumwamba ngati ndikuyeza mvula. Sindinauze munthu aliyense.

Achemwali anga, a Felesiya, anakwatiwa tsidya. Ndi amene anandilera mayi atamwalira, ndipo ngakhale ndinali ndi ndevu ankandionabe ngati kamwana kamamina. Tsiku lina anabwera kudzatenga mbewu ya mbatata, ndipo pobwerera anafika padoko mtolo uli kumutu.

"Undiwolotse ndiwe, mlongo wanga," anatero. "Anzakowa amandimwetsa madzi."

"Mumamwa nokha, achemwali, chifukwa simutseka pakamwa."

"Ona mwano. Tiye, dzuwa likupita."

Tinalowa. Tili pakati penipeni, pamene madzi amazizira kwambiri, phazi linagwira. Ndinayesa kupalasa ndi mwendo umodzi koma ndinamira, n'kumwa madzi, n'kutulukiranso. Achemwali anali pafupi, mikono iwiri yokha kuchokera pamene ndinali. Anandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Bwanji?" Ine ndinasunga lamulo. Ndinamiranso, ndipo pansi pamadzipo dzanja langa linamasula chingwe n'kupita kukagwira phazi. Sindinganame kuti chinapulumuka. Ndinachimasula. Pamene phazi linkasiya, zigubu zinali zitapitirira doko. Achemwali tinawapeza tsiku lachitatu.

Anthu anati ndi mtsinje. Anzanga anandigwira paphewa pamaliro n'kumati ndinayesetsa mwachamuna, ndipo alamu anga anandithokoza chifukwa chofunafuna nawo mtembo. Za phazi palibe anafunsa, poti palibe ankadziwa. Ndinadikira mpaka tsiku lometa, m'mawa mwake n'kunyamuka.

Njira za nthawi imeneyo zinali zachilendo. Unkachoka pansi pa mkuyu m'mawa, dzuwa likamapendeka n'kupezeka wafikanso pamkuyu, koma anthu okhala pamthunzi ali ena. Sindinkafunsa. Munthu wanzeru akanalowera kumapiri, kutali ndi madzi. Ine miyendo inkangonditsitsira kumadzi, chifukwa ntchito ina sindinkaidziwa.

Malo oyamba kukhazikika unali mudzi wa m'mphepete mwa dambo lalikulu, chaka cha njala. Amayi akumeneko ankamira kukazula nyika, timizu takuda ta pansi pa maluwa a m'madzi, timene amaphika chakudya chikasowa. Ine ndinkawapalasira bwato, ndipo pakakhala pakuya ndinkamira nawo. Chimene chinandidabwitsa ndi phokoso lawo. Aliyense ankalengeza za thupi lake ngati wailesi. Wina ati msundu wamugwira pantchafu, wina ati msana, wina ati mundigwire ndachita chizungulire. Mnzake ankamugwiradi, kwinaku nkhani ya mwamuna wa uje ikupitirira. Ndinkawaona ngati anthu opanda manyazi.

Wamkulu wawo anali Anankhoma, mayi wamfupi wa mano otalikirana. Tsiku lina phazi linandigwira ndili pansi. Ndinatulukira n'kukoloweka chigongono pabwato, nkhope nditaiumitsa.

"Lakokana?" anafunsa Anankhoma.

"Ayi, mayi. Ndikungopuma."

"Oho. Kwanu mumapuma mutaluma mano?"

Amayi onse anaseka mpaka bwato kugwedezeka. Titafika kumtunda, Anankhoma anandiitanira pambali n'kundipatsa kamchere kokulunga m'pepala ndi pini amene anamumasula pa bulauzi yawo. Anati ndizinyambita mchere ndisanalowe m'madzi, ndipo likagwira ndizidzibaya pakatumba kuti lidzidzimuke. "Ena amati n'zabodza," anatero, "koma ine sindinamirepo." Ndinalandira uku ndikunena kuti ndikasungira ena ovutika. Mchere ndinkanyambita mobisa. Pini ndinamuyesa kawiri, ndipo chimene ndinapindula ndi mabala awiri ndi misundu yochuluka.

Ndinakhala nawo mwina miyezi itatu, mwina zaka zitatu. Ndinkawakonda amayi aja, ndipo ankandisungira nyika zazikulu. Koma tsiku lina tikuyanika nyika pathanthwe, Anankhoma anafunsa osandiyang'ana n'komwe.

"Mwana wanga, m'madzimu unasiyamo ndani?"

Ndinati ndikukaona ngati bwato ndalimanga bwino. Ndinalipeza lomangika, n'kulipitirira, ndipo sindinabwererenso.

Kenako ndinapezeka pa esiteti ya tiyi, pakati pa mapiri obiriwira ofanana onse. Kunali damu, ndipo m'damumo munali paipi yaikulu yokokera madzi. Sefa ya paipiyo inkatsekeka ndi zinyalala, ndiye pankafunika munthu womira kukazichotsa, ndipo munthuyo ndinali ine. Madzi ake anali odikha, akuda, ozizira ngakhale mwezi wa Okutobala. Woyang'anira pampu anali Che Saizi, mkulu wowonda wovala kofia, amene nkhope yawo inali ndendende ya amalume anga, kungoti sanandidziwe. Pa unyamata wawo ankamira okha, ndiye ankadziwa chilichonse cha pansi pa damu lija.

Phazi linkandigwira pafupifupi sabata iliyonse. Tsiku lina tikudya chinangwa chootcha pakhomo pa nyumba ya pampu, ndinalimba mtima pang'ono.

"Che Saizi, ndili ndi mnzanga. Phazi limamukokana akamasambira."

"Pepani. Lakumanzere?"

"Eya."

"Ndimaganiza choncho."

Anamaliza kutafuna, n'kupukuta manja, n'kugona chagada pa simenti pomwepo, kofia ili kumutu. "Mukamuuze mnzanuyo kuti choyamba asalimbane ndi madzi. Agone chonchi, adzaze mpweya m'chifuwa, madzi amunyamula okha. Akatero apinde bondo, agwire zala zonse zakuphazi ndi manja awiri, azikokere chakumsongolo, chidendene akuchikankha, mwendo akuuwongola pang'onopang'ono. Awerenge mpaka makumi awiri. Likamasuka asathamange, limabwerera." Anachita zonsezo ndikuona, mwendo uli m'mwamba, anthu othyola tiyi akudutsa n'kumadabwa kuti mkuluyu wagwidwa ndi chiyani.

"Nanga ngati dzanja lina lagwira kanthu?" ndinafunsa.

"Asiye."

"Ngati n'chosasiyika?"

Che Saizi anadzuka n'kundiyang'ana. "Mnzanuyu ali ndi mafunso ovuta, achimwene. Mumuuze abwere yekha."

Mnzangayo sanabwere, koma nzeru ija inagwira ntchito. Likagwira ndinkagona chagada pakati pa damu, n'kukoka zala, n'kumawerenga uku ndikuyang'ana mitambo. Pofika khumi ndi zisanu linali litayamba kufewa. Ndinasangalala sabata yoyamba yokha. Pambuyo pake, nthawi iliyonse likamasuka ndinkapsa mtima kuti chinthu chimene chinatenga achemwali anga chinali chotha ndi kuwerenga kwa mwana wa sitandade wani. Patapita nthawi anabweretsa pampu ina yosafuna munthu womira. Che Saizi anapita kwawo, ine n'kutsata msewu wotsetsereka.

Msewuwo unathera m'tauni. Ndinapeza ntchito panyumba ya alendo imene inali ndi dziwe lomangidwa ndi simenti. Madzi ake ankanunkha mankhwala, ndipo sankachokera kulikonse kapena kupita kulikonse. Anthu ankasambira kukagunda khoma, n'kubwerera kudzagunda khoma lina, n'kutuluka akupuma wefuwefu ngati awoloka. Ine ndinkavuula masamba ndi kaukonde ka pamtengo wautali. Mphunzitsi wa zosambira wapamenepo ankauza ophunzira ake kuti azimwa madzi ambiri ndi kuwongola miyendo asanalowe. Ndinkamvetsera ndikunamizira kusesa, n'kukachita zomwezo kuseri kwa mpanda.

Kumeneko ndinakwatira. Dzina lake anali Lusiya, ankagulitsa makala pafupi ndi pokwerera minibasi, ndipo ankaseka ndi thupi lonse. M'mamawa phazi likandigwira pamphasa ndinkadzuka n'kuima pakhomo ndikuponda pansi.

"Bwerani nalo kuno ndilitikite," ankatero.

"Palibe kanthu. Ndikuona kunja."

"Kunjako kuli chiyani tsiku lililonse? Khoma la aneba?"

Anayesa kundiseka, anayesa kukwiya, anayesa kungokhala chete kuti aone ngati ndingayambe ndine. Pa mpikisano wokhala chete sakanandiposa. Tsiku limene ankachoka anamanga katundu wake bwinobwino, n'kundisiyira mbaula ndi poto mmodzi.

"Zaka zinayi ndagona pafupi ndi phazi limenelo," anatero, "koma silinandipatsepo moni. Simunandimenyepo, simunanditukwanepo. Kungoti kukhala ndi inu kuli ngati kukhala ndi chitseko."

Ndinamuthandiza kusenza katundu. Ndinkamukonda kwambiri Lusiya, ndipo ndikunena pano chifukwa iye sindinamuuze.

Za zaka zotsatira ndilibe zambiri. Ndinawoloka timitsinje touma, ndinagona m'misika, ndinatsuka mabasi pachithaphwi china. Imvi zinabwera osandifunsa. Kenako dzinja lina ndinafika pamtsinje waukulu umene mlatho wake unali utakokoloka. Madzi anali ofiira. Padoko panali amuna ndi zigubu zachikasu zomangirira ziwiriziwiri, ndipo kumunsi kunkamveka mkokomo wa miyala. Sunali mtsinje wakwathu, koma ukanandiuza kuti ndi womwewo sindikanatsutsa kwambiri.

Mkulu wa owolotsa anali Galasiano, mwamuna wa chifuwa chotakata. Anayang'ana imvi zanga n'kundiuza kuti ndipite tsidya n'kubwerako ndekha. Nditabwerako anandiponyera chingwe.

"Lamulo mukulidziwa, madala?"

"Pakati sitiyankhula."

"Basi, ndinu wathu."

Ndinagwira sabata zitatu popanda vuto. Mchere ndinkanyambita, madzi ndinkamwa, miyendo ndinkawongola kuseri kwa bango. Ndinkadziuza kuti phazi lakalamba, latopa nane. Pansi pamtima ndinkadziwa kuti ndikuika anthu a eni pachiswe, koma m'mawa uliwonse ndinkatenga chingwe.

Tsiku lina dzuwa lili paliwombo kunafika Mai Kalinde, mayi wonenepa wa mawu akuluakulu, nkhuku ili m'kabasiketi kumutu. Ankapita kuchinkhoswe cha mwana wa mng'ono wawo. Anayang'ana anyamata onse mmodzimmodzi n'kuloza ine.

"Ndikufuna awa a imviwa. Munthu wokalambira pamadzi ndiye kuti madzi amukana."

Anagona pa zigubu akudandaula kuti zawapana, n'kundiuza kuti kusambira sadziwa ngakhale m'beseni. Tinalowa akulongosola za mkamwini, kuti ndi mnyamata wabwino koma makutu ake ndi aakulu. Madzi atayamba kuzizira nkhani inatha yokha, monga zimakhalira ndi aliyense. Tinatsala ndi phokoso la madzi ndi nkhuku.

Phazi linagwira pomwepo. Zala zinapindika, katumba n'kuuma, ndipo ndinamira n'kumwa madzi. Nditatulukira ndinapeza Mai Kalinde akundiyang'ana, mikono iwiri yokha kuchokera pamene ndinali.

"Bwanji, bambo?"

Ndinamva dzanja langa likuyamba kufewa pachingwe. Linkadziwa njira yake, linapitako kale. Ndinachita mantha kuposa tsiku lina lililonse m'moyo wanga, ndipo sanali mantha a miyala. Ndinkaopa kutsegula pakamwa. Mawu atatuluka anali okhakhala ngati a munthu wodwala chifuwa.

"Mayi, phazi langa lakokana. Musasiye zigubu. Ndikufuna dzanja lanu limodzi."

Maso awo anatong'oka. Ndinadikira kuti andidumphire pakhosi monga akuluakulu ankanenera. Sanadumphe.

"Ndipange bwanji?"

Ndinadzikoka ndi chingwe mpaka pafupi, n'kugona chagada, n'kukweza phazi kuliika pachigubu patsogolo pa nkhope yawo. "Gwirani zala zonse. Zikankhireni chakubondo kwanga. Kwambiri, musandimvere chisoni."

"Chisoni ndikudzimvera ndekha," anatero, n'kukankha.

Dzanja lawo linali lolimba, lozolowera khasu. Ndinawauza kuti awerenge, ndipo anawerenga mokweza ngati ali m'kalasi. Pa zisanu ndi zitatu ndinaona doko likutidutsa, anthu ataimirira. Pa khumi ndi ziwiri mkokomo wa miyala unakula moti sindinkawamvanso bwino, ndinkangoona milomo. Pa khumi ndi zisanu ndi chimodzi zala zinawongoka. Sindinathamange. Ndinatembenuka pang'onopang'ono, n'kupalasa ndi manja kwambiri kuposa miyendo, chingwe nditachiluma ndi mano. Tinakakodwa m'bango la kumunsi kwenikweni, pamene madzi amayamba kuchita thovu. Ndinawakokera kumtunda m'matope ofika m'mawondo, nkhuku ikulirabe kumutu kwawo.

Galasiano anafika akuthamanga m'mbali mwa mtsinje. Anaona kuti tonse tili moyo, n'kupumira m'mwamba, kenako nkhope n'kuibweza mwakale.

"Madala, tonse taliona phazi lili m'mwamba."

"Eya. Limakokana. Linayamba kale, ndisanabwere kuno."

"Ndiye mukudziwa."

Ndinamasula chingwe n'kumupatsa ndekha. Sanalakwe, munthu wa phazi ngati langa sayenera kukoka mnzake pamadzi. Mai Kalinde anayamba kumukalipira kuti munthuyu wawapulumutsa, koma ndinawaletsa. Galasiano anatenga zigubu n'kumapita.

Tinatsala awiri pamchenga. Mai Kalinde ankafinya chitenje, ine ndinkatikita phazi poyera, osabisa. Kenako ndinangoyamba. Ndinawauza za mtsinje wakwathu, za a Felesiya ndi mtolo wa mbewu ya mbatata, kuti anandifunsa bwanji ine osayankha, ndiponso kuti chingwe sichinapulumuke. Sanandidule mawu, ngakhale ndikukhulupirira kuti kwa iwo chinali chinthu chovuta. Nditamaliza anatambasula dzanja lawo lija n'kumaliyang'ana, kuseri ndi kuno.

"Dzanja limodzi lokhali?" anafunsa.

"Limodzi lokha."

"Achemwali anuwo anali ndi mphamvu?"

"Kuposa inu. Ankathyola nzimbe ndi manja."

Sananene kuti inali nthawi ya achemwali, kapena kuti ndi mtsinje. Anangoti, "Ee, bambo. Akanakwanitsa."

Pamenepo ndinalira, mokweza, mamina ndi misozi, monga sindinalirire pamaliro paja. Anthu opita kudoko ankatembenuka. Mai Kalinde anatsitsa kabasiketi n'kukaika pamiyendo, ndipo anakhala nane mpaka ndinamaliza, ngakhale kuchinkhoswe ankawadikira.